Denga la zaka 500 lisasiyidwe m'manja mwa agogo khumi

Ku Wenhaston, kamudzi ka m'chigawo cha Suffolk kufupi ndi tauni ya Southwold kunyanja uko, kuli tchalitchi cha St Peter, ndipo mkati mwake muli chithunzi chimene tsiku loyamba kuchiona ndinaima nkuchiyang'ana mpaka miyendo kutopa. Ndi chithunzi cha tsiku la chiweruzo, anachijambula pamatabwa cha m'ma 1500 umo. Yesu wakhala pa utawaleza, mngelo Mikayeli wanyamula sikelo akuyeza mizimu, chiwanda chaima pambali chikudikira zake, akufa akudzuka m'manda, Petulo ndi kiyi wake akulandira mfumu, mfumukazi, bishopu ndi kadinala, anayi onsewo ali mbulanda, chowazindikiritsa ndi zipewa zokha basi, kwinaku chinsomba chayasama chikumeza anthu omangidwa unyolo. Amene anajambulayo sankaopa munthu ayi.

Koma nkhani yanga ili pa mmene chithunzichi chinapulumukira. England itapatukana ndi Roma, makamaka nthawi ya mfumu Edward VI kuyambira 1547, zithunzi m'matchalitchi zinaletsedwa, nde matabwa aja anawapaka njereza kuti pasaoneke kanthu. Mibadwo inadutsa, anthu anaiwala zoti pansi pa njerezapo pali chinachake. Mu 1892 akukonza tchalitchicho amisiri anazula matabwa oyerawo nkukawaunjika panja kumanda, poti ankaoneka ngati zinyalala zoyenera moto. Usiku umenewo kunagwa chimvula, njereza nkusukuluka, kukucha mmawa nkhope za anthu zikuoneka pamatabwa. Kukanakhala kuti usikuwo kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha, bwenzi chithunzicho chili phulusa ndipo palibe olo mmodzi akanadziwa kuti chinaliko.

Ine ndimakhala kuno ku Suffolk, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo Lamulungu ndikapuma ndimapemphera m'tchalitchi cha m'mudzi umene ndimakhala, chakalekale ngati cha Wenhaston chomwecho. Chimene chimandiwawa ndi ichi. Dziko la England linaika malamulo okhwima kuti zimene zinatsala pang'ono kuchitika mu 1892 zisachitikenso, ndipo malamulowo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, koma bilu yonse yosamalira nyumbazi linaisiyira kagulu ka nkhalamba kamene kamabwera Lamulungu. Dziko likuti ichi ndi chuma chathu tonse, musachikhudze popanda chilolezo, koma denga likayamba kudontha dziko lomwelo likuyang'ana kumbali. Chimenecho si chilungamo abale.

Kwa amene simunalowepo m'matchalitchi amenewa, musaganize za nyumba yomangidwa kamodzi nkutha. Khoma limodzi lokha limatha kukhala ndi ntchito ya zaka 400 zosiyana, ndipo ukazolowera umayamba kuliwerenga ngati kalata. Ukaona khomo lokhota pamwamba ngati uta, khoma lonenepa, tiwindo ting'onoting'ono, dziwa kuti ndi ntchito ya ma Norman amene analanda dzikoli mu 1066. Ukaona mawindo aataliatali opyapyala osongoka pamwamba ngati nsonga ya mkondo, wafika m'ma 1200. Kenako amisiri anayamba kusema miyala ya m'mawindo mokhotakhota ngati maluwa. Utadutsa mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 panafala kamangidwe kena kamene amakatcha Perpendicular, mizere yoongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba, mawindo akuluakulu moti khoma limaoneka ngati lasanduka galasi lokhalokha, ndipo kuno kummawa kwa England matchalitchi ambiri otchuka ndi a mtundu umenewu.

Kuno kulibe miyala yabwino yosema, nde anthu ankamangira mwala wa flint umene ankatola m'minda, wolimba, wakuda mkati ukauswa. Ankauswa pakati nkuuyala bwinobwino pakati pa miyala yoyera yochokera kutali, nkupanga zilembo ndi maluwa pakhoma, dzuwa likawomba khomalo limanyezimira. Ndalama yake inali ya ubweya wa nkhosa ndi nsalu. Ku Long Melford tchalitchi cha Holy Trinity anachimanganso pakati pa 1467 ndi 1497, ndipo ukamazungulira kunja ukayang'ana m'mwamba umaona maina a anthu amene anapereka ndalama atalembedwa pamwala, a John Clopton ndi anzawo ochita malonda a nsalu, akupempha kuti odutsa aziwapempherera. Ku Lavenham nsanja yake ndi yotalika mafiti 141, anaimaliza cha m'ma 1525 ndi ndalama za banja la Spring ndi la de Vere. Ku Blythburgh, pafupi penipeni ndi Wenhaston, ukagada umaona angelo a matabwa atatambasula mapiko kudenga kuyambira uko mpaka uko, ndipo ali pompo chikhalirecho kuchokera m'ma 1400, anapulumuka mphenzi ya mu Ogasiti 1577 imene inagwetsa nsonga ya nsanja nkupha anthu mkati mwa mapemphero, anapulumukanso William Dowsing, bambo amene mu 1643 ndi 1644 anayenda m'matchalitchi a Cambridgeshire ndi Suffolk akuswa magalasi ndi zosema nkumalemba m'kabuku kake zonse zimene waswa.

Nde zinthu zimenezi si za m'mudzi umodzi kapena iwiri. Church of England, mpingo wa Anglican wa kuno, ili ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ndipo oposa 12,000 ali pa mndandanda wa boma wa nyumba zotetezedwa. Pamndandandapo pali magiredi, yapamwamba kwambiri ndi Grade I, imene nyumba zake ndi zochepa zedi, koma pafupifupi theka la nyumba zonse za Grade I mu England ndi matchalitchi a mpingo umenewu. Tangoganizani, theka la chuma chapamwamba cha dziko. Norfolk yokha ili ndi matchalitchi akale otere oposa 600.

Lamulo lake limayenda chonchi. Nyumba wamba yotetezedwa ukafuna kusintha kanthu umakapempha kukhonsolo. Tchalitchi cha Church of England chili ndi njira yakeyake, umapempha chilolezo chimene amachitcha faculty, pempho limayamba ladutsa ku komiti ya dayosizi mmene muli akatswiri a zomangamanga ndi a mbiri yakale, ngati ntchitoyo ndi yaikulu amafunsanso a Historic England, bungwe la boma loona za malo akale, ndi mabungwe ena oteteza nyumba zakale, amamata chidziwitso pakhomo kuti wotsutsa atsutse, kenako woweruza wa khothi la dayosizi ndi amene amavomera kapena kukana. Tinthu ting'onoting'ono tili ndi njira yachidule, koma kuchotsa mabenchi, kuboola khoma, kusuntha mwala wobatiziramo, zimenezo umadikira miyezi. Anthu amadandaula, ine ndawamva, ena amati mpingo ukusanduka myuziyamu.

Pamenepo ine sindili nawo odandaulawo. Chifukwa ukafufuza bwino, amene anawononga kwambiri matchalitchi amenewa si adani okha ngati Dowsing, ambiri anali anthu okonda tchalitchi chawo amene anapeza ndalama nkufuna kuti chioneke chatsopano. M'zaka za m'ma 1800 anapala pulasitala wakale m'makoma kuti mwala uonekere, osadziwa kuti pulasitala yemweyo ndi amene anali ndi zithunzi pansi pa njereza, anazula pansi, anasintha mawindo enieni akale nkuikapo ena oyerekeza akale. Ndi zimenezi zinamupsetsa mtima William Morris, katswiri wa zaluso ndi mlembi, mpaka mu 1877 anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, atamva zimene zinkafuna kuchitika ku tchalitchi chakale cha Tewkesbury Abbey. Mfundo yake inali yosavuta, nyumba yakale uziisamalira tsiku ndi tsiku, khoma likapendekeka ulichirikize, denga likadontha ulimate, koma usaipale nkuyesa kuibwezera ku unyamata umene sunauone ndi maso ako. Bungwelo lilipo mpaka lero. Ndipo olo m'zaka za m'ma 1900 anthu a mtima wabwino omwewo anamata simenti m'makoma omangidwa ndi laimu poganiza kuti akulimbitsa, chonsecho khoma la laimu limapuma, chinyezi chimalowa nkutuluka, ukalitseka ndi simenti madzi amatsekeredwa mkati, nthawi yozizira amaundana nkuswa mwala, mitanda ya denga imene yalowa m'khomamo imayamba kuola, tizirombo tofumbwa matabwa nkupeza pokhala. Nde munthu akamati bwanji tisangoitana mmisiri wathu wa pamudzi amate ndi simenti Loweruka lino, yankho ndi limenelo. Chilolezo chichedwe, bola khoma likhale.

Vuto lili pa ndalama. Mwini udindo wosamalira tchalitchi cha pamudzi si boma, si bishopu, si likulu la mpingo ku London. Ndi komiti ya parishi, anthu ongodzipereka osalandira kanthu, ndi akuluampingo awiri amene amawatcha ma churchwarden. Kuyambira 1955 lamulo limati zaka zisanu zilizonse katswiri wa zomangamanga abwere adzayendere nyumba yonse, akwere kunsanja, alowe kudenga, nkulemba lipoti la zimene zikufunika kukonza msanga ndi zimene zingadikire. Lamulo labwino kwambiri. Koma lipotilo limagwera patebulo la mayi wa zaka za m'ma 70 amene anapuma ntchito yauphunzitsi kalekale, ndipo ndi iyeyo amene ayambe kulemba makalata opempha thandizo ku National Lottery Heritage Fund, ku National Churches Trust, kwina ndi kwina, mafomu ataliatali pa intaneti, kwinaku akuphika makeke ogulitsa pa tsiku la chisangalalo cha pamudzi. Kwathu tikanati pepa sande. Koma pepa sande ya anthu khumi ndi awiri odya penshoni ingagule denga la mtovu?

M'tchalitchi chathu Lamulungu wamba sitikwana olo 20, ndipo ine ndi mmodzi mwa achichepere. Wansembe wathu ali ndi matchalitchi angapo, amafika mwa apo ndi apo. Mvula ikagwa yamphamvu pali malo amene aliyense amadziwa kuti apa timaika ndowa. Munthu wobwera kudzajambula zithunzi amaona nsanja yokongola ndi maluwa kumanda, chikomekome cha mkuyu, sadziwa kuti kuseri kwa limba khoma labiriwira ndi ndere.

Pamwamba pa zimenezo pali akuba. Madenga ambiri akale anafoleredwa ndi mtovu, ndipo mtengo wa zitsulo ukakwera anthu amabwera usiku ndi galimoto nkukanganula mtovuwo, kumidzi kulibe owaona, nthawi zina mpingo umadzazindikira mvula italowa kale nkunyowetsa matabwa a zaka 500. Boma linakhwimitsa malamulo a ogula zitsulo zakale mu 2013, kugula ndi kashi kunaletsedwa, zinathandizako ndithu, koma inshuwalansi kawirikawiri sikwanira kubweza denga lonse. Palinso mileme, imene ndi yotetezedwa ndi lamulo la 1981, sungaithamangitse olo ikuipitsa paguwa ndi kuwononga mkuwa wa pamanda a mkati, ntchito ya padenga imayenera kudikira nyengo imene milemeyo siikubereka. Sindikudana ndi mileme ine, nayo ikusowa kokhala. Ndikungoti onani, lamulo lina la dziko, katundu wina pamutu pa anthu omwe aja.

Chimene chimandipweteka koposa ndi msonkho. Ukakonza denga la tchalitchi umalipira VAT ya 20 peresenti ngati wina aliyense. Mu 2001 Gordon Brown ali nduna ya zachuma anayambitsa ndondomeko yoti nyumba zopemphereramo zotetezedwa zizibwezeredwa msonkhowo, ndipo inathandiza matchalitchi, mizikiti ndi masunagoge ambirimbiri. Koma mu 2025 boma linaika malire, kuti nyumba imodzi isabwezeredwe kuposa mapaundi 25,000 pachaka. Werengani nokha, mapaundi 25,000 ndi VAT ya ntchito ya mapaundi 125,000, ndipo aliyense amene anaonapo mtengo wa zitsulo zokwerapo amisiri kuzungulira nsanja, osanena mtovu ndi matabwa a oak ndi amisiri odziwa laimu amene ndi ochepa, akudziwa kuti ntchito yaikulu imadutsa pamenepo mosavuta. Nde boma likudya msonkho pa ndalama ya makeke ya agogo, pokonza nyumba imene boma lomwelo linalemba kuti ndi chuma cha dziko. Pa mndandanda wa Historic England wa malo amene ali pachiopsezo pali nyumba zopemphereramo zoposa 900.

Ena amati koma ndi tchalitchi chawo, akonze okha, kuyambira kale zinali choncho. Ayi, sizinali choncho. Kale katunduyu anali wogawana. Mbali ya kuguwa, kumene kumakhala wansembe, ankakonza ndi amene ankalandira chakhumi cha parishi, ndipo chakhumicho chinali lamulo kwa mlimi aliyense. Mbali yaikulu yokhala anthu ankakonza ndi mudzi wonse. Pambuyo pake panali msonkho wa tchalitchi umene eni malo ndi nyumba m'parishi ankalipira, kaya amapemphera kumeneko kaya ayi, mpaka unasiya kukhala wokakamiza mu 1868. Sindikunena kuti ubwerere, unali ndi nkhanza zake, munthu wa Baptist kapena Quaker kumulipiritsa tchalitchi chimene sakhulupirira kunali kulakwa ndithu. Mfundo yanga ndi yoti nyumba zimenezi anazimanga ndi mphamvu ya mudzi wonse ndi chuma cha malonda a dziko lonse, kukula kwake ndi kwa mudzi wonse, sanazipangire kuti zidzasenzedwe ndi okhawo amene amabwera Lamulungu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano tikunena denga lenileni, la matani.

Funso lina limene ndimalilemekeza ndi loti chifukwa chani munthu wosapemphera, kapena Msilamu wa ku Bradford, msonkho wake ukakonze tchalitchi cha Anglican. Ndikumva. Koma palibe akupempha boma kuti lilipire wansembe kapena ligule mabuku a nyimbo. Tikunena mwala, mtovu, magalasi ndi matabwa, zinthu zimene boma linalemba lokha kuti ndi za aliyense, ndipo zitseko zambiri zimakhala zotsegula masana onse, ulowe ulere, palibe akufunse chipembedzo chako. Ku France, dziko limene linalekanitsa boma ndi chipembedzo mu 1905, matchalitchi a maparishi omangidwa chisanafike chaka chimenecho ndi a makhonsolo, ndipo khonsolo ndi imene imaona za nyumbayo. Nakonso mavuto alipo, makhonsolo a kumidzi ndi osauka, koma mfundo yoti nyumba yakale ndi katundu wa anthu onse anaivomera, chonsecho boma lawo silipemphera.

Ndipo mpingo nawo usabisale kuseri kwa boma. Church Commissioners, amene amasunga chuma cha Church of England, ali ndi thumba loposa mapaundi 10 biliyoni. Ndikudziwa kuti ndalamazo zili ndi ntchito zake, penshoni za ansembe, mabishopu, madayosizi osauka, ndipo utazigawa pa nyumba 16,000 sizingathe zonse. Komabe parishi yaing'ono imatumiza chopereka chake kudayosizi chaka ndi chaka, nkutsala ndi nyenyeswa zokonzera nyumba. Olo kungolemba ntchito anthu okwanira m'dayosizi iliyonse oti azithandiza ma churchwarden kulemba mafomu, ndi kulipira gulu la amisiri loyenda ndi makwerero kuchotsa masamba m'ngalande za padenga kawiri pachaka, zingapulumutse ndalama zambiri, chifukwa chimene chimapha nyumbazi kwambiri ndi madzi, ngalande yotsekeka ndi masamba ndi zisa za mbalame, madzi nkumatsikira m'khoma zaka khumi mwakachetechete.

Mpingo ukalephereratu tchalitchi chimatsekedwa. Zamwayi zimatengedwa ndi Churches Conservation Trust, imene inayamba mu 1969 ndipo ikusamalira matchalitchi oposa 350, kapena Friends of Friendless Churches imene Ivor Bulmer-Thomas anayambitsa mu 1957. Ntchito yawo ndi yotamandika, koma sangatenge zonse, ndipo zina zimagulitsidwa nkusanduka nyumba zogona za anthu olemera, chitseko nkutsekeka kwa wina aliyense mpaka kalekale. Ndalowapo m'matchalitchi otsekedwa osamalidwa bwino, ndi oyera, ndi okongola, koma mumazizira mwa mtundu wina, palibe amene anaika maluwa dzulo, palibe amene angazindikire msanga kuti pakona apo payamba kunyowa. Nchifukwa chake pa nkhani ya chimbudzi ndi kakhitchini ine ndili mbali ya ofuna kusintha. Okalamba amene ndimawasamalira ambiri anasiya kupita kutchalitchi osati poti chikhulupiriro chinatha, koma poti sangakhale ola lathunthu m'nyumba yozizira yopanda chimbudzi, ndipo njinga yawo ya olumala singakwere masitepe a pakhomo. Ikani chimbudzi pansi pa nsanja, ikani kabati ya matabwa yobisa sinki ndi ketulo, muzichita mosamala moti mawa wina atha kuchotsa osasiya bala pakhoma, ndipo njira ya faculty imalola zimenezi zikakonzedwa bwino. Koma nazonso ndi ndalama, ndipo zimabwera pambuyo pa denga.

Mwina chimene chimandipangitsa kuti nkhaniyi indigwire chonchi ndi kumene ndinachokera. Ndinakula ndikudutsa pa St Michael and All Angels ku Blantyre, imene David Clement Scott ndi amisiri a kwathu anamanga ndi njerwa zowotcha pompo pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo St Peter ya pa Likoma, imene anayamba kumanga mu 1903, ndi mwana weniweni wa matchalitchi a kunowa kudzera mwa amishoni a Anglican a UMCA. Ife timaona nyumba ya zaka 130 ngati yakale kwambiri, ndipo ndi yakaledi. Nde kufika kuno nkupeza khomo limene anthu akhala akulowera kwa zaka 800, mwala wa pakhomo utakumbika ndi mapazi, kenako nkumva kuti chimene chikuliteteza ku mvula ndi ndalama ya makeke, mutu wanga sunavomere mpaka lero.

Novembala wathayu, masamba atatha kuyoyoka, mmodzi wa ma churchwarden athu, bambo amene anadutsa kale zaka 75, anabwera ndi makwerero ake pagalimoto kuti achotse masamba m'ngalande za mbali yotsika ya denga. Ndinamuuza kuti bambo tsikani ndikwere ine, anakana kawiri, kachitatu anandipatsa magolovesi. Ndinatulutsa ndowa zinayi za matope akuda ndi timitengo ta zisa, iye atagwira makwerero pansi akundiuza paipi imene imatsekeka chaka chilichonse ndi pamene mtovu unang'ambika nthawi ya chimphepo china kalekale, zonsezo zili m'mutu mwake, palibe pamene zinalembedwa. Ngalande za pamwamba penipeni ndi za kunsanja sitinazifike, zimenezo zimafuna amisiri a zingwe, ndipo komiti inati tidikire kaye tione mmene thumba likhalire ikadutsa Isitala.